A Walter Rodney tiziwawerenga, tisamangowatchula dzina

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembeko za malemu Dr Walter Rodney, katswiri wa mbiri yakale wa ku Guyana amene adaphedwa ndi bomba pa 13 Juni 1980 ali ndi zaka 38. Dzina lawo likumveka kawirikawiri masiku ano anthu akamakangana za ngongole za boma, za migodi kapena za kugwa kwa kwacha. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp wina amangoponya chithunzi cha buku lawo lotchuka lija, How Europe Underdeveloped Africa, n'kunena kuti nkhani yatha, adatisaukitsa ndi azungu. Wina n'kuyankha kuti amenewo ndi madandaulo a anthu aulesi. Onse awiriwa akuwalakwira malemuwa. A Rodney adali mmisiri wa umboni, munthu wowerengetsa malipiro, matani a dothi ndi mabedi a m'chipatala, ndipo muyeso umene adayezera atsamunda adayezeranso mafumu ndi atsogoleri akuda. Chachiwirichi ndicho chidawaphetsa.

Dziko la Guyana lili kumpoto kwa South America, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, ndipo lidali m'manja mwa Britain mpaka 1966. Anthu ake ambiri ndi zidzukulu za magulu awiri: akapolo ochokera ku Africa amene adalima nzimbe mpaka 1838, ndi amwenye amene eni minda adakawatenga ku India pa kontrakiti kuyambira chaka chomwecho mpaka 1917. A Rodney adabadwira mumzinda wa Georgetown pa 23 Malichi 1942. Bambo awo adali telala, mayi awo ankasokanso zovala. Sukulu adaiyendera mabasale opata chifukwa chokhoza bwino: Queen's College kwawo konko, yunivesite ya West Indies ku Mona m'dziko la Jamaica kumene adamaliza digiri mu 1963, kenako sukulu ya maphunziro a za Africa ndi Asia ya SOAS ku London kumene adalandira udokotala mu 1966 ali ndi zaka 24 zokha.

Kafukufuku wa udokotalayo ndiye amaonetsa bwino kagwiridwe kawo ka ntchito. Adasankha chigawo cha kumadzulo kwa Africa choyambira ku mtsinje wa Gambia mpaka ku Cape Mount, m'zaka za 1545 mpaka 1800. Zolembedwa zakale kwambiri za kumeneko si za m'Chingerezi, choncho adaphunzira Chipwitikizi ndi Chisipanishi n'kupita kukakhala m'nyumba zosungira zikalata ku Lisbon, Seville ndi Rome, kuwerenga makalata a amalonda, a akuluakulu a boma ndi a ansembe. Atatero adandandalika zikalatazo motsatira zaka, zakale kutsogolo, n'kumafunsa chimodzimodzi pa chikalata chilichonse: wolembayu akutchulako akapolo okhala m'midzi ya kumeneko, ndipo ndi ochuluka bwanji?

Adapeza kuti alendo a zaka za m'ma 1500, monga André Álvares de Almada amene adalemba mu 1594, adafotokoza bwinobwino za mafumu, milandu, misika ndi maliro, koma gulu lalikulu la akapolo a pakhomo m'madera a kugombe silioneka m'zolemba zawo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kudali midzi yathunthu ya akapolo. Mfundo yawo idali yakuti ukapolo wa m'midzi, umene ogula anthu a ku Ulaya ankabisalako ponena kuti adaupeza kale, kwakukulu udakula chifukwa cha malonda awo omwewo. Adaonetsanso mmene zidayendera. Mlandu wa chigololo, wa ngongole kapena wa ufiti, umene kale unkatha ndi chindapusa, udayamba kutha ndi kugulitsa munthu, nthawi zina ndi abale ake omwe, popeza woweruza ndiye ankadyapo. Mfuti, nsalu, chitsulo ndi mowa zinkathera kwa mafumu ndi amalonda, wokwera chombo atamangidwa adali munthu wamba. Apa a Rodney sadawapsatire mawu olamulira a ku Africa, adati adali pa mgwirizano ndi azungu podyera anthu awo. Ife odziwa za Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga, ngakhale anthu athu ankatengedwera kunyanja ina, zimenezi sizingatidabwitse.

Njira imeneyi ili ndi msampha wake. Chinthu chikapanda kulembedwa si ndiye kuti kudalibe. Mwina mlendoyo sadalowe kumtunda, mwinanso sadasiyanitse kapolo ndi mwana wa pakhomo. Katswiri wina wa mbiri, J. D. Fage, adayankha mu 1969 kuti ukapolo ku West Africa udali wakale ndipo udakula limodzi ndi maufumu, ndipo John Thornton adatsutsanso a Rodney mu 1992. Mtsutsowo sudathe mpaka lero. Koma ndi mtsutso wa anthu otsegula zikalata, ndipo mnyamata wa zaka 24 ndiye adauyambitsa.

Ataphunzitsako pang'ono ku Dar es Salaam, adabwerera ku Mona mu Januwale 1968 kukaphunzitsa mbiri ya Africa. Kumeneko adachita zimene anzawo ophunzira kwambiri sankachita. Akaweruka ankatsikira m'makwalala a anthu osauka a mumzinda wa Kingston, kwa a Rastafari amene masiku amenewo apolisi ankawamenya ndi kuwameta tsitsi mokakamiza. Misonkhano yake idalibe nsanja kapena chimkuzamawu. Iwo eni adalemba kuti adakhalapo pa kamgolo ka mafuta kadzimbiri pakati pa zinyalala akukambirana ndi abale a kumeneko. Ankapita kulikonse kumene aitanidwa, ku kalabu ya masewera, kutchalitchi, kusukulu, m'mphepete mwa ngalande. Mphunzitsi ankabwera ndi zimene adawerenga za Ethiopia, Mali ndi Benin, koma ankamvetseranso, chifukwa anthuwo adali ataganiza kale mozama za Africa ndi za umphawi wawo popanda digiri. Ndipo ankanena poyera kuti boma la Jamaica, ngakhale lidali lodzilamulira, linkalondera chuma cha anthu ochepa oyera khungu ndi cha makampani akunja.

Apolisi achinsinsi ankawalonda. Mu Okutobala 1968 adapita ku Montreal ku msonkhano wa olemba akuda, ndipo pobwerera pa 15 Okutobala boma la Hugh Shearer lidawakaniza kutsika ndege. Kutacha ophunzira a pa yunivesite adaguba kulowera mumzinda, apolisi adawathira utsi wokhetsa misozi, achinyamata osowa ntchito adalowerera, mabasi adapsa ndipo anthu angapo adafa. Mtsogoleri wa ophunzirawo adali Ralph Gonsalves, amene patsogolo pake adadzakhala nduna yaikulu ya St Vincent and the Grenadines. Zimene a Rodney ankalankhula m'makwalala muja zidatuluka mu 1969 m'kabuku kotchedwa The Groundings with My Brothers. Adakasindikiza ndi Jessica ndi Eric Huntley, banja la ku Guyana lokhala ku London, limene lidayambitsa kampani ya Bogle-L'Ouverture ndi ndalama zosonkherana kuti mawuwo asatayike.

Kuyambira 1969 mpaka 1974 adakhala ku Dar es Salaam. Mzindawo udali pothawira omenyera ufulu a chigawo chathu chino. FRELIMO idali ndi likulu lake kumeneko, ndipo mtsogoleri wake Eduardo Mondlane adafera komweko mu Febuluwale 1969 ndi bomba lobisidwa m'phukusi la buku. Amalawi ena othawa nduna zitasemphana ndi a Kamuzu mu 1964, monga a Kanyama Chiume, adalinso komweko. M'dipatimenti ya mbiri mudadutsa anthu monga Terence Ranger, Isaria Kimambo, John Iliffe ndi John McCracken, amene pambuyo pake adadzaphunzitsa ku Chancellor College. Ambiri a iwo ankalimbikira kuonetsa kuti anthu a mu Africa adamanga maufumu, adachita malonda ndipo adalimbana ndi atsamunda. A Rodney sadakane zimenezo, koma adaonjezera funso la mlimi: ngati makolo athu adali ochangamuka chotere, chuma chimene manja awo adapanga chidalowera kuti?

Yankho lake ndi buku lija la 1972, limene a Huntley adasindikiza pamodzi ndi Tanzania Publishing House. Lili ndi mitu isanu ndi umodzi, ndipo m'malo mwa timawu ta m'munsi timene akatswiri amakonda, kumapeto kwa mutu uliwonse kuli mabuku oti munthu akawerenge yekha. M'mawu oyamba adanena kuti akulembera anthu a mu Africa ofuna kumvetsa mmene adadyeredwera, osati oyesa mayeso a ku Ulaya. Mfundo yake ndi yakuti kulemera kwa Ulaya ndi kusauka kwa Africa ndi nkhani imodzi, chimodzi chidabala chinzake. Atsamunda akamaloza njanji, sukulu ndi zipatala zimene adasiya, zili ngati venda wa sikelo yobera amene wagula chimanga cha mlimi, n'kumugulira chikho cha thobwa, kenako n'kumayenda m'mudzi akudzitama kuti amathandiza alimi. Chofunika n'kukayesa sikeloyo.

Iwo adaiyesadi. Mumzinda wa Ibadan ku Nigeria nkhondo yachiwiri isanayambe mudali azungu pafupifupi 50 amene boma lidawasungira mabedi 11 m'chipatala chawochawo, pamene anthu akuda theka la miliyoni adali ndi mabedi 34. Ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, kumene Amalawi ambiri adagwirako ntchito, woyendetsa lole wachizungu ankalandira mapaundi 30 pa mwezi pa mgodi wina, wakuda pa mgodi wina ankalandira mapaundi atatu pa ntchito yomweyo. Apwitikizi atakhala zaka mazanamazana ku Mozambique sadaphunzitse dokotala wakuda ndi mmodzi yemwe. Njanji nazo adati tiziyang'ane pa mapu: zimayambira pa mgodi kapena pa esiteti n'kutsetserekera kudoko, sizilumikiza dera ndi dera kuti anthu azigulitsana okhaokha. Ndipo mlimi amene adalowa m'utsamunda ali ndi khasu adatulukamo ali ndi khasu lomwelo.

Aphunzitsi a mbiri kusekondale ndi ophunzira a kukoleji angathe kuyesa njira imeneyi pa mbewu imodzi, kaya fodya, thonje kapena tiyi. Poyambira ndi mtengo umene mlimi adalandira pa muyeso umodzi m'chaka chimodzi chodziwika. Kenako afunefune mtengo wa muyeso womwewo pa doko, ndi wa kumsika wa ku London kapena Liverpool. Kusiyana kwakeko akugawe: zingati zidapita kwa a njanji, zingati kwa a sitima za pamadzi, kwa a inshuwalansi, ku banki ndi ku kampani yogula, ndipo eni makampani amenewa ankakhala dziko liti. Akatero aone msonkho wa nyumba wa chaka chimenecho n'kuwerengetsa masiku amene munthu ankagwira kuti aulipire. Chomaliza ndi bajeti ya boma: ndalama za maphunziro ndi zaumoyo wa anthu akuda aziyerekeze ndi za apolisi ndi zobweza ngongole.

Zolakwika zimalowera m'malo odziwika. Munthu akaphatikiza mtengo wa 1927 ndi wa 1932 walakwa kale, chifukwa pakati pa zaka zimenezi misika ya dziko lonse idagwa. Thonje la mlimi limayezedwa lili ndi njere, la ku Liverpool ndi lochotsa njere, ndipo lochotsa njerelo limangotsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Wosakonza zimenezi amapeza kuba kokula kuposa kumene kudachitika, wotsutsana naye n'kumugwetsera pomwepo. Chiwerengero cha anthu m'malipoti a bwana DC nthawi zambiri chidachokera ku nyumba zokhoma msonkho, choncho othawa msonkho mulibe. Thukuta la amayi, la ana ndi la thangata sililembedwa m'buku la ndalama lililonse, wofufuza ayenera kukalifunsa kwa okalamba. Ndipo wopita ku National Archives ku Zomba adziwiretu kuti moto wa 1919 udatentha zikalata zambiri za ofesi yaikulu ya boma, motero za m'mbuyo mwa chaka chimenecho zimafunika kuzisaka m'makalata a amishoni ndi ku London. Pa nkhani ya njanji, wolemba mbiri Leroy Vail adaonetsa mu 1975 mmene ngongole za njanji ya ku Beira ndi mlatho wa pa Zambezi wa 1935 zidapanikizira Nyasaland, dziko limene chuma chake chachikulu chidali anyamata opita ku Wenela ndi ku Southern Rhodesia.

Bukuli lili ndi zofooka, ndipo wolikonda ndiye ayenera kuzinena. Ziwerengero zimene adagwiritsa ntchito, zoonetsa Africa ili ndi anthu 100 miliyoni mu 1650 ndi 120 miliyoni mu 1900 pamene Ulaya adachoka pa 103 miliyoni kufika 423 miliyoni, ndi zongoyerekeza, chifukwa kalembera kudalibe. Za amayi adalemba zochepa kwambiri. Adakhulupirira kwambiri njira ya Soviet Union, ndipo mankhwala amene adapereka, odula chingwe ndi chuma cha makapitalisiti, sakufotokoza mmene South Korea idatukukira ikugulitsa katundu m'misika yomweyo. Ndikuona kuti buku limeneli ndi lamphamvu pofotokoza kumene chuma chidapita, ndi lofooka pouza dziko chochita mawa. Koma zoti limakhululukira atsogoleri a mu Africa n'zabodza. Mu 1974, pokonzekera msonkhano wachisanu ndi chimodzi wa umodzi wa anthu akuda ku Dar es Salaam, adalemba kalata yodzudzula maboma atsopano a mu Africa ndi ku Caribbean kuti ndi a kagulu kochepa koteteza malire ndi mipando imene atsamunda adasiya.

Chaka chomwecho adabwerera kwawo. Adanena kuti ku Tanzania adali mlendo, ndipo mlendo ali ndi polekezera pa ndale za eni dziko. Yunivesite ya Guyana idawalonjeza mpando wa pulofesa wa mbiri, koma bungwe loyang'anira yunivesiteyo, limene lidali m'manja mwa boma la Forbes Burnham, lidafafaniza ntchitoyo. Burnham kunja ankalemekezedwa. Ankadzitcha wa sosholizimu, adayamba kulanda migodi ya bauxite mu 1971 ndi minda ya nzimbe ya kampani ya Booker mu 1976, ndipo ankathandiza omenyera ufulu a kummwera kwa Africa. Kwawo adabera zisankho za 1968 ndi 1973, ndipo mu 1974 adalengeza kuti chipani chake cha PNC chili pamwamba pa boma. Mphamvu yake idatsamira pa mantha a mitundu: akuda ambiri ankavotera PNC poopa amwenye, amwenye ankavotera chipani cha PPP cha Cheddi Jagan poopa akuda, ndipo zilonda za zipolowe za 1962 mpaka 1964 zidali zisanapole.

A Rodney adaganiza zokumba muzu wa udaniwo monga wolemba mbiri, ndipo pamenepo padatuluka buku limene ine ndimaliona kuti ndilo labwino koposa, A History of the Guyanese Working People, 1881–1905. Limayamba ndi madzi. Dera la kugombe kumene kumakhala anthu ambiri ndi lotsika kuposa nyanja ikadzaza. Esiteti iliyonse imafuna khoma kutsogolo lotchinga nyanja, chikhoma cha dothi kumbuyo chotchinga madzi a m'dambo, ngalande yapakati yothirira ndi yodutsa mabwato a nzimbe, ngalande za m'mbali zotayira madzi, ndi chitseko cha kunyanja chimene amatsegula nyanja ikaphwa n'kutseka isanadzaze. Chitsekocho chikachedwa kutsekedwa madzi amchere amalowa n'kuwononga nthaka, ndipo matope akatseka potulukira madzi munda umamira ndi mvula. Komiti yofufuza za shuga ya 1948 idawerengetsa kuti munda wa nzimbe wotalika mailosi imodzi mbali zonse umafuna ngalande zotayira madzi za mamailosi 49 ndi zothirira za mamailosi 16, ndi kuti kukumba ngalande za maesiteti onse kudasuntha dothi losachepera matani 100 miliyoni. A Rodney adakumbutsa owerenga kuti adalisuntha ndi akapolo, fosholo ili m'manja, ataima m'thope.

Kuchokera pa madziwo adafotokoza zotsala zonse. Ukapolo utatha, omasulidwa adasonkherana ndalama n'kugula maesiteti athunthu, monga mudzi wa Victoria mu 1839 ndi Buxton mu 1840. Koma mudzi sukadatha kusamala khoma ndi ngalande paokha, ndipo nyumba ya malamulo imene inkagawa ndalama za boma idali m'manja mwa eni minda. Midzi inkasefukira, misonkho ya ngalande inkakwera, olephera kulipira ankalandidwa malo, ndipo anthu ankabwerera kukapempha ntchito ku esiteti. Akafuna malipiro okwera, mwini munda adali ndi amwenye omangidwa pa kontrakiti ya zaka zisanu, amene akajomba kuntchito ankatsekeredwa m'ndende. Wakuda ankaona mmwenye ngati wotsitsa malipiro, mmwenye ankaona wakuda atavala yunifolomu ya polisi. Udaniwo udamangidwa ndi dongosolo la ntchito, ndipo pamene ogwira ntchito adaukira mabwana awo, monga mu 1905, bukuli limalemba tsatanetsatane wake. Adalembanso nkhani za ana ziwiri, ina ya mnyamata wochokera ku Africa, ina ya mtsikana wochokera ku India, kuti ana a mitundu iwiriyi adziwe mmene mnzawo adafikira m'dzikomo.

Zimene ankalemba ankazichitanso. Adalowa m'gulu la Working People's Alliance (WPA) limodzi ndi anthu monga Eusi Kwayana, Rupert Roopnaraine ndi mayi Andaiye, gulu limene lidasanduka chipani mu Julayi 1979. Nyumba zambiri za kumeneko ndi za pa nsanamira chifukwa cha madzi, ndipo misonkhano yawo yaing'onoing'ono inkachitikira kunsi kwa nyumbazo. Ku tauni ya Linden ankaphunzitsa ogwira ntchito m'migodi. Pamene mmwenye wotsatira PPP, Arnold Rampersaud, ankazengedwa mlandu wopha wapolisi wakuda pa umboni wokayikitsa, a Rodney adaimirira pamaso pa akuda anzawo ku Georgetown kumuikira kumbuyo, ndipo munthuyo adamasulidwa mu 1977 atazengedwa katatu. Kwa boma lodalira kugawa mitundu, misonkhano imene akuda ndi amwenye ankadzaza limodzi idali yoopsa kuposa chipani chilichonse chotsutsa.

Pa 11 Julayi 1979 nyumba ya unduna wa chitukuko, momwe mudalinso ofesi ya mlembi wamkulu wa PNC, idapsa. A Rodney ndi anzawo adamangidwa n'kuimbidwa mlandu wotentha nyumbayo. Pa 14 Julayi, anthu atasonkhana chifukwa cha mlanduwo, wansembe wachiJezuwiti Bernard Darke, amene ankajambula zithunzi za nyuzipepala ya Catholic Standard, adabayidwa masanasana ndi anyamata a kagulu ka House of Israel kamene kankamenyera nkhondo chipani cholamula, ndipo adamwalira. Mamembala awiri a WPA, Ohene Koama ndi Edward Dublin, adawomberedwa ndi apolisi miyezi yotsatira. Ngakhale adali oletsedwa kutuluka m'dziko, a Rodney adazemba kudzera ku Suriname mu 1980 n'kukafika ku Zimbabwe imene idali itangolandira ufulu. Akadatha kutsala kumeneko, koma adabwerera.

Imfa yawo idakonzedwa motere. Sajeni wa asilikali a boma wodziwa za mawailesi, Gregory Smith, adadzionetsa ngati wotopa ndi boma ndipo adalonjeza kuwapangira mawailesi a m'manja olankhulirana, onga a apolisi aja. Madzulo a Lachisanu pa 13 Juni 1980 mng'ono wawo Donald adakatenga wailesi imodzi kwa Smith, amene adalangiza kuti akaiyesere malo awiri, achiwiriwo pafupi ndi khoma la ndende ya Georgetown, ndi kuti ayang'anitsitse kagetsi kamene kadzayaka. Abale awiriwa sadatsike kukaima pakhomapo, adaimika galimoto mu msewu wa John Street. Wailesi ili pamiyendo pa a Walter, bomba lobisidwa m'kati lidaphulika. Adafera pomwepo. Donald adavulala koma adathawa, ndipo chifukwa adapulumuka dzina la Smith lidadziwika. Malangizo a khoma la ndende aja akuonetsa nkhani imene idakonzedweratu, ndipo ndi imene a boma adafalitsa: yakuti munthuyu adadziphulitsa yekha pofuna kuphwanya ndende. Chimene chimandipweteka n'chakuti mtsogoleri wosakidwa chotere adayesa yekha chipangizo chochokera kwa msilikali.

Zotsatira zake Amalawi okumbukira nduna zitatu ndi phungu uja amene imfa yawo ku Mwanza mu 1983 idatchedwa ngozi ya galimoto azizindikira msanga. Asilikali poyamba adakana kuti ali ndi munthu wotchedwa Gregory Smith. Iye adatengedwa pa ndege ya asilikali kupita ku Kwakwani, kenako adakakhala ku French Guiana, dera lolamulidwa ndi France, ndi dzina lakuti Cyril Johnson. Amene adazengedwa mlandu ndi Donald, ndipo mu 1982 adagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 18 pa mlandu wopezeka ndi bomba. Kafukufuku wa khoti wa chimene chidapha a Rodney adachitika mu 1988, patapita zaka zisanu ndi zitatu, ndipo adati idali ngozi. Mu 1996 Smith adatsegulidwira mlandu wakupha, koma France sipereka munthu ku dziko limene lingathe kumunyonga, choncho sadabwere.

Komiti yeniyeni yofufuza idakhazikitsidwa mu 2014 ndi pulezidenti Donald Ramotar, ndipo wapampando wake adali Sir Richard Cheltenham wa ku Barbados, pamodzi ndi maloya ena awiri a ku Jamaica ndi Trinidad. Kuchedwa kwa zaka 34 kudaononga zambiri. Mboni zina zidali zitamwalira, mafayilo ena a apolisi ndi a asilikali adali atasowa, ndipo boma litasintha mu 2015 olamula atsopano, amene msana wawo udali PNC yomweyo, adadula nthawi ya komitiyo mboni zina zisanamalize. Ngakhale zidali choncho, lipoti la mu Febuluwale 2016 lidati Smith adatumidwa, apolisi ndi asilikali adathandiza kumubisa, ndipo Burnham adali m'gulu la okonza chiwembucho. Otsatira Burnham amalikana lipotilo mpaka lero.

Mu Epulo 2021 khoti la apilo lidafafaniza chigamulo cha Donald Rodney. Mu Juni chaka chomwecho boma la Guyana lidalengeza kuti chikalata cha imfa chikonzedwa: pamene padalembedwa ngozi palembedwe kuti adaphedwa, ndipo pamene padalembedwa kuti adali lova palembedwe pulofesa. Burnham adamwalira mu 1985, Smith mu 2002, ndipo palibe munthu amene adaimapo m'khoti kuyankha mlandu wopha a Walter Rodney.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa mbiri,
Zomba